Mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi: kodi tivomere kapena tikane?

Bambo wina wa ku Zomba walemba motere: "Akazi anga, a zaka 38, anapezeka ndi matenda a scleroderma chaka chatha. Khungu la m'zala ndi la kumaso lauma n'kulimba, ndipo masiku ano akumachita befu akangokwera kachitunda. Adokotala ati matendawa afika m'mapapo, choncho akufuna kuwayambitsa mankhwala otchedwa mycophenolate, omwe akuti amachepetsa chitetezo cha m'thupi. Ine ndili ndi mantha, chifukwa tonse tikudziwa zimene zimachitika chitetezo chikatsika. Papepala la m'katoni ya mankhwalawa palembedwanso kuti angathe kufooketsa mafuta a m'mafupa. Chondizunguza mutu n'chakuti mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 19, amene magazi amangomuthera chifukwa mafuta a m'mafupa ake anasiya kugwira ntchito, nayenso wauzidwa kuti akufunika mankhwala ochepetsa chitetezo. Kodi mankhwala ofooketsa mafuta a m'mafupa angachiritsenso bwanji mafuta a m'mafupa? Tivomere kapena tikane?"

Bambo, mantha anuwa ndi omveka, ndipo mabanja ambiri amene ndakhala nawo pansi pa nkhani ngati imeneyi amayambira pomwepo. Ife amene tinaona abale athu akutha ndi Edzi ma ARV asanabwere, mawu akuti "chitetezo chatsika" timawamva ngati uthenga wa maliro. Koma zimene adokotala akufuna kuchita pa mayi n'zosiyana kwambiri ndi zimene kachilombo ka HIV kamachita. Kachilomboko kamawononga chitetezo mosalekeza ndiponso mopanda malire, pamene mankhwalawa amachichepetsa pa mlingo umene dokotala wasankha, moyezayeza magazi, ndipo akaona kuti apyola muyezo amachepetsa kapena kuimitsa, chitetezo n'kubwereranso. Mwa zimene mwafotokozazi, chithandizo chimene mayi auzidwa ndi chimene madokotala a matendawa m'maiko ambiri amayamba nacho pamene scleroderma yagwira mapapo, ndipo ine ndingakulimbikitseni kuti muvomere, malinga zinthu zina zimene nditchule m'munsimu zichitike kaye.

Matenda awiri amene alowa m'banja mwanuwa amaoneka osiyana kotheratu, wina khungu kulimba, wina magazi kutha, koma gwero lake ndi lofanana. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo, amasokonekera n'kuyamba kuukira ziwalo za mwini wake. Zili ngati galu wolondera amene wayamba kuluma ana a pakhomo pomwepo. Mwini nyumba samupha, poti akuba akadalipo, koma amamumanga unyolo. Mankhwala ochepetsa chitetezo ndiwo unyolowo, ndipo luso lonse la dokotala lagona pa kudziwa kutalika kwake.

Pa scleroderma, chitetezo chosokonekerachi chimavulaza timitsempha tating'onoting'ono ta magazi, ndipo thupi poyesa kupoletsa malo ovulalawo limapanga zipsera zochuluka kuposa zofunika. Zipserazo ndizo zimalimbitsa khungu. Ndikagwira dzanja la wodwala wotere n'kuyesa kutsina khungu la pamwamba pa chala, silinyamuka, limakhala logwirana ndi za m'kati mwake, lonyezimira, makwinya a pa mfundo atafufutika. Pa khungu lakuda ngati lathuli pamaonekanso timadontho toyera tosakanikirana ndi takuda, makamaka pachifuwa, pamphumi ndi kumsana, ndipo ambiri amayamba athamangira mafuta odzola poganiza kuti ndi zikanga kapena chikungu. Nthawi zambiri zala zimakhala zitayamba kale kuvuta zaka zingapo m'mbuyomo: munthu akagwira madzi ozizira m'mawa wa mu June, zala zimayera, kenako zimada, zimachita dzanzi, ndipo zikamatenthedwa zimapweteka. Matendawa amagwira amayi kuposa abambo, makamaka a zaka za pakati pa 30 ndi 50. Si opatsirana, ndipo si kulodzedwa. Mwa abambo, chinthu chimodzi chodziwika bwino chimene chimawautsa ndi fumbi la miyala. M'chaka cha 1957 dokotala wina dzina lake Erasmus analemba za kuchuluka kwa matendawa pakati pa anthu okumba golide m'migodi ya ku Witwatersrand ku South Africa, komwe azigogo athu ambiri anakagwirako ntchito pa nthawi ya Wenela. N'chifukwa chake bambo akabwera ndi khungu lotere ndimamufunsa ngati anagwirapo ntchito mumgodi kapena yophwanya miyala.

Khungu ndi limene limaoneka, koma chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi mapapo, poti masiku ano ndiwo amatenga miyoyo ya odwala ambiri a scleroderma. Zipsera zikayamba m'mapapo, mapapowo amauma n'kulephera kufutukuka bwino, ndipo dokotala akamvetsera kumsana cha m'munsi amamva kaphokoso kothetheka wodwala akamakoka mpweya. Apa pali mfundo imene ndikufuna muigwiritse, chifukwa ndi imene imakhumudwitsa mabanja ambiri pakatha miyezi ingapo. Mankhwalawa sachotsa zipsera zimene zapangika kale. Ntchito yawo ndi kuletsa kuti zisapitirire. Mayi akamwa mankhwala chaka chathunthu ndipo befu lawo likhala chimodzimodzi, osaonjezeka, kumeneko ndi kupambana, ngakhale kuti kunyumba mungaone ngati palibe chasintha. N'chifukwa chakenso kuchedwa kuli ndi mtengo wake: gawo la mapapo limene lauma pa miyezi imene mukusinkhasinkhayi silidzabwereranso.

Mycophenolate sanasankhidwe mwamwayi. Kafukufuku wa ku America amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006 anasonyeza kuti mankhwala otchedwa cyclophosphamide amathandiza mapapo a odwala scleroderma, ngakhale kuti phindu lake linali lochepa ndipo zovuta zake zinali zambiri. Mu 2016 kafukufuku wachiwiri anayerekeza cyclophosphamide womwedwa chaka chimodzi ndi mycophenolate womwedwa zaka ziwiri, ndipo anapeza kuti onse awiri amathandiza mofanana, koma mycophenolate sankagwetsa kwambiri asilikali a m'magazi ndipo odwala ochepa ndi amene anamusiyira panjira. Kuyambira pamenepo mycophenolate ndi amene amatsogola. Cyclophosphamide akadagwiritsidwabe ntchito, kawirikawiri wa m'dilipi kamodzi pamwezi, makamaka pamene matenda akuthamanga kapena pamene mycophenolate sakupezeka, koma angathe kuvulaza chikhodzodzo mpaka munthu kukodza magazi, komanso angathe kutseka kubereka. Methotrexate amathandiza pa khungu ndi m'malo olumikizana mafupa. Palinso rituximab ndi tocilizumab, komanso nintedanib amene sachepetsa chitetezo koma amachedwetsa kuuma kwa mapapo. Atatu amenewa ndi okwera mtengo kwambiri. Kwa odwala ochepa amene matenda akuwathamangira, m'maiko akunja amachita chithandizo chachikulu chofafaniza chitetezo chonse ndi mankhwala amphamvu kenako n'kubwezera maselo a wodwala yemweyo amene anasungidwa. Chimathandiza ndithu, koma pa kafukufuku wa ku Ulaya wa mu 2014, wodwala mmodzi mwa khumi alionse anamwalira ndi chithandizocho m'chaka choyamba, choncho si chinthu choyambira.

Pali mankhwala amodzi amene ndikufuna kuchenjezapo mwamphamvu, chifukwa ndi osavuta kupeza ndipo achibale amakonda kugulirana munthu akamadandaula kuphwanya m'thupi. Amenewa ndi prednisolone. Pa matenda ena a chitetezo chosokonekera, prednisolone wambiri amapulumutsa moyo, koma pa scleroderma, mlingo wa mamiligalamu 15 kapena kuposerapo patsiku umachulukitsa chiopsezo chakuti impso zisiye kugwira ntchito mwadzidzidzi, magazi n'kuthamanga koopsa. Vutoli limakonda kubwera m'zaka zoyambirira za matenda, makamaka kwa amene khungu likulimba mofulumira mpaka m'mikono, m'ntchafu ndi pachifuwa. Ngati mungathe, gulani kamakina koyezera BP kuti mayi aziyeza kunyumba kangapo pa sabata n'kumalemba m'kabuku. BP ikakwera mwadzidzidzi kuposa m'mene imakhalira, makamaka pamodzi ndi mutu waukulu, kusaona bwino kapena kuchepa kwa mkodzo, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo anene kuti ali ndi scleroderma, chifukwa mankhwala a mtundu wa captopril akaperekedwa msanga amapulumutsa impso.

Mudziwenso kuti mycophenolate sathetsa zonse. Kuzizira kwa zala kumafuna magolovesi, madzi ofunda pochapa ndi potsuka mbale, kupewa utsi wa fodya, ndipo mwina nifedipine. Chilungulira ndi kuvutika kumeza zimafuna omeprazole, kudya pang'onopang'ono, kusagona mutangodya kumene, ndi kukweza kumutu kwa bedi.

Tsopano za mnyamatayo, ndi funso lanu lenileni. M'kati mwa mafupa akuluakulu, monga a m'chiuno ndi a pachifuwa, ndi mmene mumapangidwa magazi: maselo ofiira onyamula mpweya, asilikali oyera, ndi timaselo toundanitsa magazi totchedwa ma platelet. Zimene mwafotokoza za mnyamatayo zikufanana ndi matenda otchedwa aplastic anaemia. Pa matendawa, amene dokotala wa ku Germany Paul Ehrlich anawafotokoza koyamba mu 1888, maselo amene amabala onsewa amatha. Tikatenga kachidutswa ka mafuta a m'fupa la m'chiuno n'kukaika pa makina oonera tinthu tating'ono, mmalo moona maselo atadzaza thothotho, timangoona mabwalo oyera a mafuta opanda kanthu. Ndiye wodwala amayera m'maso ndi m'manja, amatuluka kamfuno, nkhama zimachucha magazi, thupi limachita mikwingwirima popanda kumenyedwa, ndipo matenda amangomugwiragwira. Nthawi zina choyambitsa chimadziwika, monga mankhwala a chloramphenicol, benzene wopezeka mu petulo ndi m'zosungunulira penti, kutupa kwa chiwindi, kapena matenda obadwa nawo monga a Fanconi, koma kwa odwala ambiri sichipezeka. Chimene chimadziwika n'chakuti mwa ambiri a iwo, gulu lina la asilikali, lotchedwa ma T cell, ndi limene likupha maselo obala magaziwo. Asilikali amenewo akagonjetsedwa, maselo ochepa amene anatsala amayambanso kuberekana. Choncho palibe kutsutsana pa zimene mwamva. Mankhwala a mayi angathe kuchedwetsa mafuta a m'mafupa chifukwa amaletsa maselo kugawikana msanga, ndipo vutolo limatha mankhwala akachepetsedwa; pamene mankhwala a mnyamatayo ndi ena, osankhidwa dala chifukwa amalunjika pa ma T cell popanda kupondereza maselo obala magazi.

Kwathu kuno ndimaumirira kuti dzina la aplastic anaemia lisaperekedwe mafuta a m'mafupa asanayezedwe, chifukwa pali zinthu zambiri zimene zimagwetsa mitundu itatu yonse ya maselo a magazi: HIV, chifuwa chachikulu chofalikira m'thupi, kuchepa kwa vitamini B12, kapamba wotupa chifukwa cha malungo obwerezabwereza kapena likodzo, khansa ya m'magazi, ngakhalenso mankhwala ena monga ARV wotchedwa zidovudine. Zambiri mwa izi zili ndi chithandizo chosavuta, ndipo kupereka mankhwala ochepetsa chitetezo kwa munthu amene vuto lake ndi TB n'kumuika m'manda. Ngati kuyezaku sikunachitike, apemphe kutumizidwa kwa dokotala wa za magazi kudzera ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Matendawa akatsimikizika kuti ndi aakulu, pali njira ziwiri. Kwa wachinyamata wa zaka 19, njira yochiritsiratu ndi kumuika maselo a m'mafupa ochokera kwa m'bale wake wa bere limodzi amene akugwirizana naye, ndipo m'bale aliyense wa mayi ndi bambo mmodzi amakhala ndi mwayi umodzi mwa inayi woti agwirizane. Chithandizochi chimachitika m'maiko monga South Africa ndi India, ndipo chimafuna ndalama zambiri. Pachifukwa chimenechi, abale ake asamupatse magazi awo ngakhale mtima ukuwawa bwanji, popeza thupi lake lingazolowere kudana ndi maselo awo n'kudzawakana pa tsiku lowafuna. Magazi aziikidwa ochokera ku Malawi Blood Transfusion Service, ndipo achibale ofuna kuthandiza akapereke awo kumeneko kuti akathandize ena.

Njira yachiwiri ndi ya mankhwala awiri ophatikiza, ATG ndi ciclosporin. ATG amapangidwa kuchokera m'magazi a hatchi kapena a kalulu, ndipo amaperekedwa m'dilipi kwa masiku anayi kapena asanu wodwala ali m'chipatala, chifukwa angathe kuyambitsa kutentha thupi, kunjenjemera ndi ziwengo zoopsa, komanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri ena amatuluka zidzolo ndi kumva kuwawa m'mfundo. Mtundu wa ATG uli ndi kanthu: kafukufuku wa ku National Institutes of Health ku America wa mu 2011 anapeza kuti pa miyezi isanu ndi umodzi, odwala 68 pa 100 alionse amene analandira wa hatchi magazi awo anali atakwera, poyerekeza ndi 37 okha mwa olandira wa kalulu. Masiku ano amaonjezerapo mapiritsi a eltrombopag, amene amadzutsa maselo obala magazi ndipo amafulumizitsa kuchira. Zotsatira sizioneka msanga. Pamatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo nthawi yonseyo wodwala amadalirabe kuikidwa magazi ndi ma platelet. Ciclosporin amamwedwa kwa chaka kapena kuposerapo ndipo amachepetsedwa pang'onopang'ono, chifukwa pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu matenda amamubwerera, makamaka akasiya mwadzidzidzi. Kumene ATG sapezeka, madokotala ena amapereka ciclosporin yekha, ndipo ngakhale kuti mphamvu yake imachepa, ena amathandizika. Ciclosporin amakweza BP, amatopetsa impso, amatupitsa nkhama, amameretsa ubweya wambiri ndi kunjenjemeretsa manja. Popeza amavutitsa impso, pa scleroderma timawapewa, choncho odwala anu awiriwa asadzabwerekane mapiritsi ngakhale onse akutchedwa ochepetsa chitetezo.

Nanga zofunika kuchitika mayi asanameze piritsi loyamba ndi ziti? Ayezedwe HIV, ayezedwe matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, ajambulidwe chifuwa ndi kufufuzidwa bwino za TB, ndipo ayezedwe kuchuluka kwa maselo a magazi, impso ndi chiwindi kuti padzakhale poyerekezera. TB ndi imene ndimaiopa kwambiri kwathu kuno, chifukwa ambiri tili ndi kachilombo kake kogona m'thupi, ndipo chitetezo chikachepa kamadzuka. Komanso chifuwa cha TB n'chosavuta kuchisokoneza ndi chifuwa cha scleroderma. Munthu amene ali ndi HIV saletsedwa kulandira mankhwalawa, koma ayenera kukhala pa ma ARV mokhulupirika, ndipo madokotala a mbali ziwirizi azilankhulana. Akadzapezeka ndi TB ali kale pa mankhwala, adokotala onse adziwe, chifukwa mankhwala a TB otchedwa rifampicin amachepetsa mphamvu ya ciclosporin ndi ya mycophenolate m'magazi.

Nkhani ya mimba ndiyofunika kuikamba poyera, inu muli pomwepo. Mycophenolate amachititsa kupita padera pafupifupi theka la mimba zimene zakumana naye, ndipo mwa ana amene abadwa, pafupifupi mmodzi mwa anayi amakhala ndi chilema, monga cha makutu, milomo kapena mtima. Methotrexate ndi cyclophosphamide nawonso ndi oopsa kwa mwana wosabadwa. Mayi a zaka 38 angathe kuima, choncho ayezedwe mimba asanayambe, ndipo mugwiritse ntchito njira yodalirika yolerera nthawi yonse ya mankhwala ndi masabata ena asanu ndi limodzi atasiya. Ngati mukufunabe mphatso ina, nenani tsopano, chifukwa pali mankhwala ena monga azathioprine amene angaganiziridwe.

Za chenjezo la papepala lija, chotetezera chake ndi kuyeza magazi mosadumphitsa. Opanga mycophenolate amalangiza kuyeza sabata iliyonse m'mwezi woyamba, kawiri pamwezi m'mwezi wachiwiri ndi wachitatu, kenako kamodzi pamwezi mpaka chaka chithe. Ndikudziwa kuti maulendo amenewa amadya ndalama za thiransipoti, koma ngati banja silingakwanitse kuyezetsa, ndi bwino kuuza dokotala musanayambe kuti mupeze chipatala chapafupi choyezerako, kusiyana ndi kumwa mankhwalawa mwachimbulimbuli. Amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono chifukwa ambiri amatsegula m'mimba kapena kuchita nseru m'masabata oyamba. Muonetsetsenso kuti muli ndi njira yopezera mankhwala mosadukiza, poti kumwa mwezi umodzi n'kulekeza miyezi iwiri kumabweretsa zoopsa zake popanda phindu lake.

Odwala ambiri amene ndawaona mafuta a m'mafupa atafooka ndi mankhwala, chinawagwetsa ndi kuphatikiza kapena kulakwitsa kamwedwe. Methotrexate amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, ndipo pamodzi ndi folic acid pa tsiku lina. Munthu womwa methotrexate asamwe Bactrim, mankhwala amene kwathu kuno amaperekedwa pa chifuwa ndi m'mimba paliponse, chifukwa awiriwa akakumana magazi amatha m'masiku ochepa. Azathioprine sayenda ndi allopurinol wa matenda a gout. Kwa mnyamatayo, aspirin, brufen, indocid ndi diclofenac ndi oletsedwa chifukwa amachulukitsa kutaya magazi, ndipo asabayidwe jekeseni wa m'mnofu ma platelet ali otsika. Mankhwala azitsamba ogulitsidwa ndi lonjezo lokweza chitetezo asalowe m'nyumba mwanu. Chitetezo ndi chimene tikuyesa kuchigwira, ndipo zosakaniza zake zambiri zimalemetsa chiwindi ndi impso. Dzina la matenda ndi la mankhwala zilembedwe ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba la buku la kuchipatala, ndipo aliyense wofuna kulemba mankhwala ena aonetsedwe tsambalo.

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku, mayi sayenera kutsekeredwa m'nyumba. Azigona m'neti usiku uliwonse, azimwa madzi owiritsa kapena othira mankhwala, azidya nyama ndi mazira zopsa bwino, azisamba m'manja, ndipo atalikirane ndi munthu amene akutsokomola kwa nthawi yaitali komanso mwana wodwala katsabola kapena chikuku. Katemera wopangidwa ndi tizilombo tamoyo, monga wa yellow fever ndi wa chikuku, saloledwa pa nthawi ya mankhwalawa, koma akatemera enawo ndi abwino, makamaka akaperekedwa mankhwala asanayambe.

Kwa odwala onse awiriwa, thupi likatentha kufika madigiri 38, musadikire kuti kuche ndipo musangogula LA kapena panado n'kukhala. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, ayezedwe malungo komanso kuchuluka kwa asilikali a m'magazi, chifukwa munthu amene asilikali ake atsika angathe kumwalira ndi tizilombo tolowa m'magazi pa maola ochepa, ndipo ngakhale malungo atapezeka, si umboni wakuti palibenso china. Chimodzimodzinso zilonda za m'kamwa ndi kummero, mashingozi, chifuwa chatsopano, kutuluka thukuta usiku, kuonda, befu loonjezeka mofulumira, chikasu m'maso, chimbudzi chakuda, magazi osaleka kutuluka, kapena mutu waukulu kwa mnyamatayo. Mayi akadwala matenda otentha thupi, kawirikawiri mycophenolate amaimitsidwa kaye mpaka achire, koma zimenezo anene ndi dokotala, ndipo prednisolone ngati akumwa asasiyidwe mwadzidzidzi. Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala mupite nawo limodzi, ndipo mufunse dokotalayo kuti mapapo adzayezedwanso liti kuti muone ngati mankhwala akugwira, komanso kuti thupi likatentha usiku kapena Loweruka, mukafikire kwa ndani.